AMPHAKA A MUMSIKA: MUKUFUNA NKHONYA YA HEARNS KAPENA YA HAGLER?

Msika uliwonse wa m'tauni uli ndi amphaka ake. Kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Mzuzu, dzuwa likangolowa alonda n'kutseka zipata, pamatulukira amalonda ena a miyendo inayi. Sadula chiphaso, alibe benchi, alibe mbuye, koma phindu amadya nawo.

Amayi a usipa ndi matemba ndiwo akuudziwa bwino ululu wake. Kufika m'mawa thumba laboola pangodya, nsomba zili mbwee pansi, pachiguduli pakununkha mkodzo. Abutchala sasiya kanthu pambalambanda. Anyamata a pachiwaya nawo akudziwa kuti ukangotembenuka kuti upereke chenje, chiwindi chapita.

Ndiye anthu akatopa, pamsonkhano wa komiti sipalephera kudzuka mmodzi wa mtima wapachala n'kunena zija timazidziwa tonse: tisonkhe ndalama, tigule tameki, tithire m'mitu ya nsomba, mawa m'mawa nkhani yatha.

Munthu wotereyu ine ndimamutcha Hearns. Madala amene adatsatira nkhonya za m'ma 1980 amva kale kumene ndikulowera, ndipo ena ayamba kumwetulira. Achinyamata dekhani, ndikufotokozerani. Ndikutengeraninso ku chilumba china cha dziko la South Africa kumene boma lathunthu, ndi mfuti zake ndi madokotala ake, lidalimbana ndi amphaka zaka 14.

Mphindi 8 za ku Las Vegas

Ife obadwa dzana nkhonyazi sitidazione zikuchitika. Ngakhale madalawo, ambiri sadazione tsiku lake, paja kuno TV idafika mu 1999. Adamva pa wailesi, ena n'kudzaonera mochedwa m'tinyumba ta vidiyo, tepi yotopa ikudumphadumpha, wina kutsogolo akufotokozera mokweza amene ali kumbuyo. Koma afunseni lero pa bawo. Akuuzani raundi ndi raundi ngati ndiwo amanyamula thaulo la Hagler.

Gulu limene amalikonda ndi la middleweight. Kumeneku munthu sapitirira makilogalamu 72 ndi theka, ndiye kuti safika thumba limodzi ndi theka la chimanga. Ndi thupi la munthu wamba, ngati mnyamata wonyamula katundu pa depoti. Zimphona za heavyweight zili ndi mphamvu koma miyendo imalemera. Ang'onoang'ono aja ali ndi liwiro koma chibakera chawo sichigoneka munthu kawirikawiri. Pakatipa m'pamene mphamvu ndi liwiro zimakumana, n'chifukwa chake madala sasunthapo.

Pa 15 Epulo 1985, ku Caesars Palace mumzinda wa Las Vegas ku America, Marvin Hagler amateteza lamba wake kwa Thomas Hearns wa ku Detroit. Hagler adali wometa mpala, wamanzere, khosi ngati la nkhunzi. Hearns adali wamtali, miyendo yowonda ngati kakowa, koma dzanja lake lamanja lidali mfuti. Mu 1984 dzanja lomwelo lidagoneka Roberto Duran chafufumimba m'raundi yachiwiri. Duran yemweyo, mu 1983, adatha maraundi onse 15 ndi Hagler ali chiimire. Mukuona chifukwa chake anthu ambiri adaika ndalama zawo pa Hearns.

Belu litangolira, padalibe zoyamba n'kuyezana. Hagler adalunjika pa munthu. Hearns, m'malo modalira kutalika kwake n'kumaponya ali patali, adasankha kuima kuti asinthane. Adakhuthula zonse zimene adali nazo. Chibakera china chidamugwedeza Hagler, pamphumi pake padang'ambika, magazi chuchuchu kutsikira m'maso. Koma m'raundi yoyamba yomweyo dzanja lamanja la Hearns lidathyoka.

Mfuti yatha zipolopolo, mdani akubwerabe.

M'raundi yachitatu woimbira, Richard Steele, adaimitsa kaye masewero kuti dokotala aone bala lija. Dokotala adalola kuti apitirize. Hagler adadziwa kuti magaziwo akhoza kumulanditsa lamba nthawi iliyonse, ndiye adamuthamangira mnzakeyo ngati amuthawitsa ndi ngongole. Chibakera cha kumanja, Hearns adatembenuka akudzandira. Zina zidatsatira, khuu pansi! Adadzuka ndithu, koma miyendo idali phala, Steele n'kumukumbatira kuti basi. Nkhonya yonse idatenga pafupifupi mphindi 8.

Musamve ngati Hearns adali wachabechabe. Adadzawina malamba ena pambuyo pake ndipo dzina lake ndi lalikulu mpaka lero. Kungoti tsiku limenelo adafuna kumaliza m'raundi imodzi ntchito imene idalembedwa kuti ndi ya maraundi 12.

Hagler ndiye adali munthu wodziwa kudikira. Adamenya nkhonya 49 asadapatsidwe mwayi wolimbirana lamba. Atapatsidwa mu 1979, majaji adati iye ndi Vito Antuofermo afanana mphamvu, lamba n'kutsala kwa mwini wake. Adakautenga mu Sepitembala 1980 ku London, atang'amba nkhope ya Alan Minter m'maraundi atatu, ndipo m'malo mwa m'manja anthu a kumeneko adamugenda ndi mabotolo ndi zitini za mowa mpaka apolisi adachita kumutulutsa. Pokonzekera nkhonya amakadzitsekera ku Provincetown, m'mphepete mwa nyanja, n'kumathamanga pa mchenga nthawi ya chisanu atavala majombo a asilikali. Lambayo adamuteteza ka 12.

Amphaka 5 a pa Marion

Tsopano tiyeni kum'mwera. Chilumba cha Marion chili pakati pa nyanja yozizira, pafupifupi makilomita 2,000 kuchokera ku Cape Town. Kukula kwake n'kopitirira Likoma kakhumi. Kulibe mtengo, kulibe mudzi, kuli mphepo ndi mvula pafupifupi tsiku lililonse. South Africa idachitenga kumapeto kwa 1947 n'kumangapo nyumba za anthu oyeza nyengo. Eni ake enieni ndi mbalame za m'nyanja zosawerengeka, ndipo zambiri mwa izo zimakumba una n'kuikira mazira pansi.

Anthu a zanyengowo adapeza kuti m'nyumba mwawo muli timakoswe. Sindikunena mbewa zathu zija za m'mbali mwa msewu zodyera nsima ayi, koma tija ta m'nyumba tating'ono, toboola matumba. Tidafika pachilumbapo m'zaka za m'ma 1800 pobisala m'zombo za alenje a nyama za m'nyanja.

Nzeru idali ya tonsefe: khoswe mankhwala ake ndi mphaka. Mu 1949 adatsitsa amphaka 5. Kwa madala owerenga zaka ndi nkhonya, chimenechi ndi chaka chimene Jake LaMotta adalanda lamba wa middleweight kwa Marcel Cerdan wa ku France.

Paja amati walira mvula walira matope. Amphakawo adaona kuti kuthamangitsana ndi kakhoswe n'kudzivuta, pamene panja pali mbalame zonona, zosadziwa mdani wa miyendo inayi, zongokhala phee pa mazira. Mu 1951 mphaka wolowerera adaoneka kutali ndi nyumba zija. Mu 1975 akatswiri atawerenga adapeza kuti alipo oposa 2,000, ndipo akudya mbalame pafupifupi 450,000 pa chaka. Pofika 1977 adali 3,400. Mtundu wina wa mbalame udasiiratu kuswana pachilumbapo.

Inu a malonda masamu mumawadziwa. Mphaka amatenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, amaswa ana atatu, anayi, asanu, ndipo akhoza kubwereza chaka chomwecho. Palibe katapila amene amabereka chiwongoladzanja chotere.

Boma lidayamba ndi matenda. Mu 1977 adagwira amphaka ena, n'kuwabaya kachilombo kotchedwa feline panleucopenia, kamene kamagwira amphaka koma osakhudza munthu kapena mbalame, n'kuwamasula m'madera osiyanasiyana a chilumbacho kuti akapatsire anzawo. Zidayenda. Pofika 1982 adatsala pafupifupi 600.

Apa Hearns wathu wa pakomiti akadakweza manja kuti tawina, tiyeni tikamwe. Koma 600 otsalawo adali amene matenda adawalephera, ndipo adayambanso kuswana.

Mu 1986 adatumiza alenje. Magulu 8 a anthu awiriawiri, wina wanyamula tochi yamphamvu, wina mfuti zija za zipolopolo zomwazika. Ntchito yake idali ya usiku, m'matope ndi m'chisanu, kuyenda makilomita kufunafuna maso awiri owala mumdima. Nyengo yoyamba adapha oposa 400. Pofika 1990 owomberedwa adapitirira 800. Koma mphaka si mbuzi. Otsala adaphunzira kuthawa kuwala, ndipo mlenje amatha usiku wonse osaona ngakhale mchira.

Adatembenukira ku misampha. Kenako adamwaza anapiye akufa zikwizikwi obayidwa poizoni. M'miyezi 12 yomaliza adagwira amphaka 8 okha, ndipo omaliza adakodwa mu Julayi 1991. Ngakhale zidatero anthu adapitiriza kuyendera misampha mpaka 1993, osapeza kanthu, asadalimbe mtima kunena kuti zatha. Mmodzi mwa amene adatsogolera ntchitoyi adali Marthán Bester wa ku University of Pretoria.

Kuchokera 1977 kufika 1991. Mwana wobadwa chaka cha kachilombo chija adali atatsala pang'ono kulowa sekondale pamene mphaka womaliza amagwidwa.

Ndipo apa mvetsetsani, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ku Marion adatha kumaliza chifukwa cha nyanja. Mphaka akafa, palibe wina amene akadasambira makilomita 2,000 kudzalowa m'malo mwake. Nanga msika wanu wazunguliridwa ndi chiyani? Ndi makomboni, mabala, malesitilanti, ngalande ndi mtaya. Iphani amphaka 20 lero. Malinga mitu ya nsomba ndi matumbo a nkhuku zikadali kuseri kwa shedi, mwezi usadathe afika ena 20 ochokera kutsidya kwa msewu, anjala kuposa oyamba aja.

Chilombo cha ku Uganda

Chaka chomwecho cha 1986 chimene alenje adayamba kuyenda ndi matochi, Hagler naye adakumana ndi mphaka wake wokana kufa.

Dzina lake John Mugabi wa ku Uganda, amene azungu adamutcha The Beast, kunena kuti chilombo. Adatenga mendulo ya siliva ku Olympics ya ku Moscow mu 1980. Pofika tsiku lokumana ndi Hagler adali atamenya nkhonya 25 za ndalama, ndipo onse 25 adawamaliza belu lomaliza lisadalire. Imeneyi ndiyo nkhonya imene madala amaikamba motsitsa mawu, chifukwa mitima yawo idagawika. Hagler amamukonda, koma winayu adali wa kwathu kuno ku Afirika.

Madala a madala, aja a imvi zenizeni, akafika apa amalowetsapo dzina la Dick Tiger wa ku Nigeria. Ameneyu adapita ku Liverpool mu 1955 n'kuluza nkhonya zake zinayi zoyambirira, koma sadapakire. Mu 1962, ali ndi zaka 33, adalanda lamba wa middleweight kwa Gene Fullmer ku San Francisco, ndipo mu Ogasiti 1963 adamukunthanso Fullmer yemweyo kwawo ku Ibadan, zaka 11 Muhammad Ali ndi George Foreman asadakumane ku Kinshasa. Nkhondo ya Biafra idamulanda chuma chake, adakagwira ntchito ya ulonda ku New York, n'kumwalira ndi khansa ya chiwindi mu 1971 ali ndi zaka 42. Mwa amphaka onse a m'nkhani ino, Tiger yekhayu ndiye palibe adadandaula naye, kupatula Fullmer.

Tibwerere kwa Mugabi. Pa 10 Malichi 1986, pa Caesars Palace pomwe paja. Hagler adaponya zimene zidagwetsa Hearns, Mugabi adangoyang'ana n'kubwezera. Raundi ya 6 ndiyo imene tepi imathera pobwerezabwereza: awiriwo adaima phazi ndi phazi n'kumasinthana, Mugabi akuoneka kuti wapita, n'kubwereranso. Hagler adatupa diso. Adachita kumugwetsa pang'onopang'ono ngati mtengo wa tsanya, uku akumenya nthiti, uku mutu, mpaka m'raundi ya 11 Mugabi adakhala pansi n'kumvera woimbira akuwerenga mpaka 10.

Hagler adawina. Koma pampando wakutsogolo padakhala munthu wina wochepa thupi, wa nkhope yosalala, akuonetsetsa. Dzina lake Sugar Ray Leonard. Adaona chimene ena sadaone: mkulu uja liwiro layamba kutha.

Leonard adali wochokera ku gulu la opepuka, ndipo m'zaka 5 adali atamenya nkhonya imodzi yokha chifukwa cha vuto la diso. Anthu adamuseka. Pa 6 Epulo 1987 adalowa m'bwalo, osaima kuti asinthane ngati Hearns kapena Mugabi. Amazungulira, kujompha, kuthawa, ndipo raundi ikamatha amawaza tizibakera tambirimbiri kuti majaji atikumbukire. Atatha maraundi 12, jaji mmodzi adapatsa Hagler 115-113, wina adapatsa Leonard 115-113, wachitatu adalemba 118-110 mokomera Leonard. Za wachitatuyu musaziyambe pa bawo ngati mukufuna kuweruka msanga. Ine ndaionera kangapo pa foni, ndipo ndimaona kuti idali yothinana moti aliyense akadatha kupatsidwa, koma 118-110 ndiye ayi, bambo ameneyo amaonera nkhonya ina.

Hagler sadavalenso magolovesi. Adasamukira ku Italy kukachita mafilimu, ndipo adamwalira mu Malichi 2021 ali ndi zaka 66.

Wamng'ono uja adali pompo

Ku Marion nako wamng'ono adali pampando wakutsogolo nthawi yonseyi.

Amphaka atatha, mbalame zina zidayamba kubwerera, koma osati mmene anthu amayembekezera. Timakoswe tija, timene amphaka adabwerera poyamba, tidachulukana. Tidadya tizilombo ta m'nthaka mpaka tidachepa, kenako tidayang'ana mbalame. Mu 2003 akatswiri adayamba kupeza anapiye a albatross ali ndi mabala. Albatross ndi chimbalame chimene chikatambasula mapiko chimapitirira mamita atatu, ndipo pa zinayi zilizonse za mtundu waukuluwo padziko lonse, imodzi imaswana pa Marion. Mwanapiye wake ndi wamkulu kuposa tambala, koma sadziwa kudziteteza. Timakoswe timamukwera usiku n'kumamudya mutu ali moyo, usiku ndi usiku, mpaka kufa. Mu 2023 adapeza kuti tayamba kupha ngakhale zikuluzikulu.

Wina anena kuti mwaona, akadawasiya amphaka aja. Ayi, sizili choncho. Amphaka a pa Marion chakudya chawo chachikulu chidali mbalame, timakoswe tidali ndiwo zapambali. Chimene akatswiri akuloza kwambiri ndi nyengo: chilumbacho chayamba kufunda ndi kuuma, chisanu chimene chimapha timakoswe tambiri chaka ndi chaka chafooka, ndiye timaswana nthawi yaitali. Mphaka adalephera ntchito imene adamulembera, adaononga zina, ndipo atachotsedwa mwini vuto adali pomwepo, wonenepa.

Izi zikukhudzanso aja a mbali inayo pakomiti, amene amati amphaka asiyeni, ndiwo akutithandiza makoswe. Zoona zake n'zapakatikati. Mu 2018 akatswiri ena adatulutsa zimene adapeza atatchera makamera pamalo osankhira zinyalala ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pamene padali makoswe oposa 100 ndi amphaka olowerera. M'masiku 79, amphakawo adapha makoswe awiri. Awiri basi! Khoswe wamkulu wa m'ngalande amaluma, ndipo mphaka, monga wa geni aliyense, amasankha ntchito yopepuka ya phindu lomwelo. Chimene chidasintha n'chakuti makoswe amabisala kwambiri amphaka akakhalapo, anthu n'kumaganiza kuti achepa.

Kufupi kuno, ku Eswatini, kafukufuku wa mu 2017 wa m'makomo 40 a kumudzi adapeza kuti makoswe amaopa kudya momasuka pakhomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi. Pakhomo pa mphaka yekha, kapena galu yekha, kusiyana kwake kudali kochepa. Ndiye mphaka ndi mlonda woopseza ndi chifuwa, osati msilikali. Kuthandiza amathandiza, koma musamuike pa malipiro a Hagler.

Tameki sasankha

Tsono tibwere pa mitu ya nsomba ija. Tameki ndi mankhwala amene adapangidwira tizilombo ta m'munda, osati oika pamalo ogulitsira chakudya. Ku South Africa amamutcha Two Step, poti akuti chodya chimangoyenda mapazi awiri. Sadziwa kuti uyu ndi mphaka, uyu ndi galu wa mlonda, iyi ndi nkhuku ya mayi wa tomato imene mawa ikhala ndiwo. Mphaka wakufa akagwera m'ngalande, khwangwala ndi galu amene amudye nawonso apita. Ndipo mumsika mumakwawa ana. Mayi aliyense wa benchi akudziwa kuti mwana wa chaka chimodzi chilichonse chimene watola chimapita kukamwa.

Amene muli ndi abale ku Joni mudamva za ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Ana 6 adamwalira, ndipo madokotala adapeza kuti chidawapha ndi terbufos, mankhwala enanso a m'munda amene anthu amagula m'misewu kuti aphere makoswe. Chidatsatira n'chiyani? Ukali wa anthu udagwera timagolosale ta spaza, tambiri tidatsekedwa, ndipo boma lidalamula kuti tonse tilembetsedwe. Amene adalipira ndi amalonda, olakwa ndi osalakwa omwe. Tsiku limene mwana mmodzi adzadwale ndi nsomba ya mumsika mwanu, makasitomala sadzafunsa kuti idali ya benchi iti. Shedi yonse idzakhala pa dzuwa ndi katundu wake.

Njira ya Hagler ndi yotopetsa, ndipo palibe amene amaimbidwa m'manja nayo. Imayamba ndi nthiti, kunena chakudya. Mphaka ndi khoswe onse amabwerera chinthu chimodzi. Nsomba zigone m'migolo yotseka kapena m'mabokosi a malata, osati m'matumba pansi pa benchi. Mgolo ndi ndalama, inde, koma werengani usipa umene mumataya pa mwezi. Matumbo, mamba ndi mitu zisagone mumsika. Apa mpamene komiti iyenera kukweza mawu, chifukwa wodula ziphaso salephera kufika m'mawa uliwonse, koma galimoto ya zinyalala imabwera ngati mvula ya Okutobala. Ndalama ya chiphaso ndi ya ntchito imeneyo. Mphamvu zimene mukadaonongera kusonkha za tameki, kapiteni nazo ku khonsolo muli gulu, ndi malisiti anu m'manja.

Chachiwiri ndi kutseka mpopi wa ana. Mphaka wofulidwa kapena wotsekedwa kubereka amakhalabe pamalo pake, makoswe n'kumamuopabe, koma chiwongoladzanja chija chimaima, ndipo zolira usiku ndi ndewu zimachepa. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limachita maopaleshoni otere komanso kubaya katemera wa chiwewe. Kwina konse yambani ndi a vetenale a boma, muwafunse njira. Koma dziwani kuti kutseka awiri n'kusiya khumi n'kungotaya nthawi. Pamafunika ambiri a iwo, ndi kubwereza chaka ndi chaka pamene achilendo afika. Ndi maraundi 12, mwinanso 15 ngati kale.

Za chiwewe ndisazidumphe. Kuno chimabwera kwambiri ndi agalu, koma mphaka naye amatha kuchitenga. Akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti muone ngati patupe. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, palibe dokotala amene amachibweza.

Ku Marion pakali pano akukonzekera nkhonya ya Leonard. Boma la South Africa ndi bungwe la BirdLife South Africa ali ndi ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion. Pulani yake ndi yoti ndege za helikopita zimwaze nyambo ya poizoni pachilumba chonse nthawi ya chisanu, pamene timakoswe tili ndi njala ndipo mbalame zambiri zachoka. Kumeneko angathe kutero chifukwa kulibe mwana, kulibe nkhuku, kulibe benchi ya nsomba. Koma sayenera kuphonya ngakhale kachigawo kamodzi, chifukwa kakhoswe kamodzi ka bere kakatsala, zonse zibwerera pa 1949. Akatswiri akuti zikalephereka, mitundu yoposa theka ya mbalame zoswana pamenepo ikhoza kutha m'zaka 30.

Tsiku loyamba ntchitoyo lakhala likusunthidwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi ndalama. Pofuna kuthandizira, adapempha anthu wamba kuti aliyense alipirire hekitala imodzi pa mtengo wa R1,000. Chilumbacho chili ndi mahekitala 30,000, ndipo ndalama imeneyo ikakwana idzangolipira gawo chabe la bilu yonse. Inu oyenda ku Joni mtengo wa randi mukuudziwa, tengani kakyuleta.